Zala Ziwiri za Helena

Laison anabadwa khosi lili chagada. Ana anzake akamayang'ana pansi kusaka ziwala, iye maso anali kumwamba, moti zikhadabo za kumapazi kwake zinathera m'zitsa. Kwawoko, kumbali ya Chitukula, ndege zimadutsa pamutu tsiku lililonse ndipo anthu anasiya kalekale kuziwerengera. Ngakhale mbuzi sizidzutsa mutu. Koma Laison, mpaka kumera ndevu, kukwatira, kubereka mwana, ndege ikangolira ankaimika khasu, kukamwa yasa! Ntchentche zinkalowa, kuyendera malo, n'kutuluka mwiniwake osadziwa.

Sukulu anaimaliza, Fomu 4 n'kukhoza bwino ndithu, masamu ndi sayansi zomwe. Koma setifiketi ija inakagona m'sutikesi pamodzi ndi kandulo ya ubatizo, ndipo ntchito imene anaipeza inali ganyu yotchetcha udzu m'mbali mwa mpanda wa bwalo la ndege. Kunja kwa mpanda, mumvetse, osati m'kati. Zaka zisanu ndi ziwiri akuzionera pa waya ngati galu wa pa butchala.

Ndiye chaka chimenecho, mwezi wa Meyi, pa geti panamatidwa chikalata. Bungwe lina la tindege ting'onoting'ono tonyamula odwala ndi mankhwala linkafuna achinyamata awiri a m'midzi yozungulira bwalolo kuti liwaphunzitse kuyendetsa ndege, ulere. Zofunika zinali setifiketi ya Fomu 4, maso abwino, ndi zaka zosakwana makumi atatu. Poyamba mayeso olemba, kenako mu Ogasiti mayeso oyendetsa ndege ya pa kompyuta. Laison anawerenga pa zala ali chiimire pa getipo: zaka makumi atatu ankazikwanitsa pa 9 Seputembala. Mwayi unali umodzi wokhawo, wina kunalibenso.

Mayeso olemba anawadutsa ngati mpeni pa papaya. Chinatsala ndi ndege ya pa kompyutayo, ndipo munthuyu kompyuta anali asanaikhudzepo chibadwire.

Apa m'pamene analowererapo alamu ake, a Ignatius, achimwene a mkazi wake Helena, amene ankaphunzitsa pulayimale ku Nambuma. Anafika Loweruka lina pa njinga yamoto, m'chikwama muli laputopu ya pa kaunjika yolemera ngati njerwa ziwiri. Makinawo anali atadutsa m'manja mwa anthu ambiri, moti zilembo za pa mabatani zinali zitafufutikiratu, mabatani onse ali see ngati nkhama za munthu wopanda mano. Batire yake inafa kale. Inkayaka pokhapokha itakokedwa ku sola ya padenga, dzuwa lili paliwombo. Mtambo ukangodutsa, ndege, bwalo, dziko lonse, bii!

"Alamu," anatero a Ignatius akupukuta fumbi ndi mpango, "m'menemu muli ndege yofanana ndi imene mukakumane nayo. Mukaigwetsa musalire, palibe maliro. Koma mukaphunzira mudzanditenge, ndikufuna ndidzalavulire denga la ahedi athu ndili m'mwamba."

"Mudzakwera kumbuyo ndi matumba, alamu. Kutsogolo n'kwa anthu osamba."

"Taonani mkamwini uyu! Laputopu yanga, sola ya mayi anga, mwano wake yekha."

Anamusonyeza mabatani anayi a kudzanja lamanja, okhotetsera ndege ndi kuikweza kapena kuitsitsa mphuno. Kenako anamusonyeza ena anayi a mzere wapamwamba, chakumanzere. Loyamba limatsitsiratu, lachiwiri limatsitsa pang'onopang'ono, lachitatu limakweza pang'onopang'ono, lachinayi limakwezeratu.

"Kutsitsa chiyani, kukweza chiyani?" anafunsa Laison.

"Apo ndiye pagona nkhani. Ndegeyi ili ndi zinthu ziwiri. Pali moto wa injini, ndiye pali mapeni a pulopela, chozungulira cha kumphunochi. Mapeniwa amapendeka ngati khasu pa mpini. Ponyamuka aziluma mphepo pang'ono koma mothamanga, ngati mukupalira. Mukafika m'mwamba muwapendeke, aziluma kwambiri koma modekha, ngati mukugalauza. Mukasokoneza ziwirizi, mukadya chakudya chamasana ndi angelo."

"Nanga mabatani a mapeniwo ali kuti?"

"Ndi omwewa. Mukagwirizira batani la pakona pansi apa, mzere wapamwamba uja ukulamula moto. Mukagwirizira la pakona ndi loyandikana naloli, awiri pamodzi, mzere womwewo ukulamula mapeni."

"Mayina awo ndi ati mabatani apansiwa?"

"Mayina? Mukufuna muwabatize? Pakona ndi pakona, alamu."

Anaseka onse awiri, a Ignatius n'kukwera njinga yawo ulendo wa ku Nambuma.

Tsono vuto linali zala. Dzanja lamanja linali ndi ntchito yake yowongolera, ndiye lamanzere lokha lizigwira pansi ndi pamwamba nthawi imodzi. Zala za Laison zinali za chikwakwa ndi khasu, chilichonse kunenepa ngati chinangwa cha m'dambo. Akati adine batani limodzi, ankadina atatu. Tsiku loyamba anagwetsa ndege khumi ndi zinayi. Tsiku lachiwiri zinachepa, chifukwa kunali mitambo.

Helena ankakhala pa mphasa pakhonde pomwepo, akusankha nyemba m'lichero, mwana wawo Benedeta ali kubere. Tsiku lachitatu anatopa nako kuphulikako.

"Bambo a Bene, anthu mwaphawa akwana. Tasunthani."

"Inu mukudziwapo chiyani?"

"Ndinali pompano achimwene akulongosola. Makutu sindinabwereketse. Inu gwirani zakumwambazo, zapansizi mundisiyire."

Anaika lichero pamwendo, dzanja lamanja m'nyemba, lamanzere pakona pa laputopu. Laison akati "Moto!", chala chimodzi. Akati "Mapeni!", zala ziwiri. Tsiku limenelo ndege inanyamuka, inazungulira, inatera. Inatera mokhota, tayala limodzi m'tchire, koma inatera. Laison anavina mpaka kuponda waya wa sola.

Anagawana ntchito choncho, ngati mmene achitira kumunda: mwamuna kukumba mapando, mkazi kuponya mbewu. Patatha milungu iwiri, Laison anasiya n'kuitana komwe. Helena ankangomva ndi khutu. Injini ikalira mopepuka ngati chigayo chopanda chimanga, iye ankadziwa kuti mapeni akufuna kuluma, zala ziwiri zili pakona kale mwamunayo asanatsegule pakamwa. Ikayamba kubuula ngati ng'ombe ya pangolo pamtunda, ankadziwa kuti ikufuna moto. Galasilo sankaliyang'ana n'komwe. Maso anali pa anankafumbwe a m'nyemba.

Anthu a m'mudzi anali ndi zonena, nanga akanalekeranji? Anzake a Laison ankalawirira kukasosa minda, iye ganyu anasiya, munda wake mapesi ali chiimire, masana onse ali pakhonde ndi mkazi wake kuliza injini. Apongozi ake, mayi a Helena, ankati akamadutsa ndi ndowa pamutu amalankhula ndi mtengo wa mango, popeza mkamwini salankhulidwa pamaso.

"Iwe mango, unaonapo zotere? Kwathu kuno owuluka alipo, tikuwadziwa, koma amachitako manyazi, amadikira anthu agone. Wanga yekha ndiye wowuluka masanasana, mkazi ali pambali."

Laison ankangotchera khutu limodzi kwa apongozi, lina ku injini. Mumtima ankati: mudzaona. Ankadziona atavala malaya oyera a mizere pamapewa, akudutsa pamwamba pa mango omwewo.

Kutatsala mlungu umodzi, Helena anasiya kusankha nyemba n'kumuyang'ana.

"Kodi bambo a Bene, kumayesoko adzandilola kulowa?"

Laison anaima, ndege ili m'malere. Funso limeneli linali lisanamufikepo. Miyezi iwiri yathunthu, ndipo linali lisanamufikepo.

"Sangalole," anatero pomaliza.

"Ndiye zala zangazi mudzapita nazo m'thumba, eti?"

Masiku asanu ndi awiri otsalawo anawathera pophunzitsa dzanja lamanzere. Anawenga zikhadabo, anadzola mafuta m'zala kuti zifewe. Chala chachikulu pakona, china poyandikana, china kutambasuka kukafika pamwamba, dzanja lonse lili ngati nkhanu yopondedwa. Helena ankakhala pambali manja atawapinda m'khwapa kuti asamuthandize, akuluma mlomo injini ikalira molakwika. Pofika Lachitatu, pa maulendo khumi ankatera asanu ndi atatu.

"Chimodzi, moto. Ziwiri, mapeni," ankanena Laison posamba, podya, popemphera.

Lachinayi m'mawa anapalasa njinga, Helena pa kaliyala, Bene kumsana kwa mayi ake. Malaya oyera anali a a Ignatius, ndipo khosi lake linkamutsamwitsa. Pa geti mlonda anamuzindikira.

"Aa, Laison! Chikwakwa wasiya kuti? Lero ukwatiranso?"

"Ndabwerera mayeso, akulu."

Mlonda anayang'ana pa pepala, anapeza dzina, anayang'ananso Laison kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kutsegula. Zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo geti linangotseguka ngati la khola. Helena anauzidwa kuti adikire pansi pa mtengo pafupi ndi poimika magalimoto.

M'chipinda cha mayeso munali anthu asanu ndi anayi. Anzakewo anali ana ndithu, ena a ku Lumbadzi, ena ana a aphunzitsi, zala zawo zoonda ngati zingano chifukwa chokhalira foni. Woyesa anali Mayi Mable Kachingwe, woyendetsa ndege weniweni, wamfupi, wometa tsitsi, nkhope yosonyeza kuti kuseka amakusungira Khirisimasi. Pa tebulo panali galasi lalikulu ngati zenera la tchalitchi ndi kiyibodi yakuda yonyezimira, zilembo zake zoyera mbee.

"Aliyense ali ndi mipata iwiri," anatero Mayi Kachingwe. "Munyamuke, mukwere, ndikakuuzani muchepetse liwiro la pulopela, muzungulire, mutere. Mabatani onse alembedwa pa pepala lili pakhomali. Werengani. Pali funso?"

Laison anayang'ana pepalalo. Mizere makumi anayi ya tizilembo ta Chingerezi, tothinana ngati nyerere pa shuga, batani lililonse ndi dzina lake. Iye mabatani a mayina anali asanawaonepo. Anayang'ana kiyibodi. Pakona panalipo. Loyandikana nalo linalipo. Mzere wapamwamba unalipo. Mtima unakhala pansi: njira ya kwanu suwerenga chikwangwani.

Komabe kafunso kanakwera mpaka pakhosi: kodi mayi, pakona pa kuno ndi chimodzimodzi pakona pa kwathu? Anayang'ana nkhope ya Mayi Kachingwe, anayang'ana ana a mafoni aja, anadzimva fungo la utsi wa kumudzi m'malaya obwereka. Munthu wa ndevu afunse za pakona pamaso pa ana? Anakameza kafunsoko. Phula la safunsa lija amanena akuluakulu, Laison analidya ndi supuni.

"Ayambe ndani?"

Ana aja anayang'anana, ndipo popeza analeredwa bwino, onse pamodzi anati, "Atsogole achikulire."

Ulemu umapha, anthu inu. Akanakhala wachiwiri, akanaonera zala za mnzake.

Anakhala pampando. Ndege inali itaima pa msewu wake, injini ikung'ung'udza. Anaika chala pakona, anadina lachinayi la pamwamba. Moto wonse!

Ndege sinasunthe.

Anadinanso. Pulopela inasintha mawu pang'ono ngati munthu wokonza kukhosi, koma ndege ili chiimire ngati bulu. Anakanikiza pakona mwamphamvu mpaka kiyibodi inalira. Thukuta linayamba kutsika m'khosi la malaya a a Ignatius.

"Achimwene, tikudikira. Ipatseni moto."

"Ndikuipatsa, mayi."

Chala cha pakona chija, chifukwa cha thukuta ndi mafuta anadzola aja, chinaterereka n'kuchoka, chapamwamba chili chidinire. Pomwepo injini inabangula, ndege n'kudumpha kuthamanga. Laison sanadziwe chimene chachitika. Anangoti Mulungu wamva. Dzanja lamanja linagwira ntchito yake bwino lomwe, mphuno inadzuka, msewu unatsalira pansi, kutsogolo kuli thambo lokhalokha. Kumbuyo kwake wina anati, "Eee, madala akutha."

"Bwino," anatero Mayi Kachingwe. "Tsopano chepetsani liwiro la pulopela pang'ono."

Ziwiri, mapeni. Anapanga nkhanu yake ija. Chala china chinafika msanga pa loyandikana lija, n'kudumphapo. Pagalasi panatuluka chibokosi chodzaza tizithunzi, chinaphimba theka la thambo, ndipo ndege inasiya kumva. Anadina kumanja, osamva. Anadina kumanzere, osamva. Kuseri kwa chibokosicho ankaona dziko likupendeka, minda ikubwera chammbali. Pamene Mayi Kachingwe ankatambasula dzanja kuchotsa chibokosicho, ndege inali italowa kale m'nthaka mphuno yonse.



"Batani limenelo si la ndege, musalikhudzenso," anatero mayiwo akulemba. "Pepalalo munawerenga?"

"Ndinawerenga, mayi."

"Mukufuna muliyang'anenso?"

Analiyang'ana. Nyerere zija tsopano zinkayenda. M'maso munali thukuta, m'makutu mtima ukugunda ngati mtondo wa anthu awiri, kumbuyo ana asanu ndi atatu akupuma m'khosi mwake. Sanaone kalikonse.

"Ndakonzeka, mayi."

Mpata wachiwiri, wotsiriza. Laison anaganiza mofulumira, ndipo maganizo ake anali a munthu wokhoza masamu. Chala chimodzi pakona, ndege sinayende. Zala ziwiri, chibokosi. Ndiye kuti kuno zapansizi n'zosafunika, makina amakono amadziwa okha. Anadina lachinayi lokha, ndege inathamanga, inanyamuka mokongola kuposa poyamba. Mpweya unabwerera m'chifuwa.

"Chepetsani liwiro la pulopela pang'ono."

Anadina lachiwiri la pamwamba, lokha. Mawu a injini anatsika pang'ono. Eya, ndi zomwezo, kunyumba amatsikanso chonchi. Anayang'ana kamuvi kosonyeza liwiro la pulopela: sikanasunthe. Anadinanso. Sikanasunthe. Anadina, anadina, anadina. Iye ankati akupendeka mapeni, chonsecho akuimana moto injini, kuitsamwitsa pang'onopang'ono ndege ili chikwerere mphuno m'mwamba. Khutu la Helena likanamva pa kudina kwachiwiri kuti uku si kulira kwa mapeni oluma, n'kulira kwa njala. Koma khutu la Helena linali pansi pa mtengo, likumvera Bene akulirira chitumbuwa.

Kenako kabelu kanayamba kulira, piii, piii. Ndege inanjenjemera, phiko lamanzere linagwa. Zonse zimene anaphunzitsa dzanja lamanzere mlungu wonse zinathawa, panatsala za miyezi iwiri zija. Anafuula ndi mawu onse, mawu otchetchera udzu:

"Moto, amake Bene! Moto!"

Ndege inazungulira kawiri n'kugwa chagada m'munda wa munthu.

Ana aja anayesetsa, tisawanamizire. Wina anatseka pakamwa ndi kope, wina anayang'ana kudenga. Koma mmodzi atangoti "khi", onse anaphulika. Laison anadzuka, anakokera mpando m'malo mwake bwinobwino, anati "Zikomo, mayi," n'kukakhala pa benchi kumbuyo. Kutuluka sikunkaloledwa mpaka onse atamaliza.

Wachiwiri anali mtsikana wa ku Lumbadzi, wa tsitsi loluka. Anaima kaye pa pepala lija, chala chikutsata mizere, n'kubwerera kukayang'ana kiyibodi, n'kupitanso ku pepala. Atakhala pansi anadina lachinayi lokha, ndege inanyamuka. Atauzidwa za pulopela anaika kachala kamodzi pakona, kamodzi kokha, n'kudina lachiwiri. Kamuvi kanatsika mwaulemu.

Laison anaona zonse. Kuno moto sufuna chala. Kuno pakona ndi pa mapeni. Kiyibodi ya kuno inalibe batani limodzi limene ya kunyumba inali nalo, ndiye onse anasunthirana malo ngati anthu pa benchi ya tchalitchi. Batani limene ankalifuna linali pansi pa chala chake kuyambira pachiyambi, analikanikiza mpaka kulira, koma pa nthawi yolakwika. Anakhala pa benchipo maola awiri akuonera anthu asanu ndi atatu akudina pakona. Ena anagwa, ena anatera. Iye ankangoyang'ana zala zake zili pa maondo.

Onse atamaliza, Mayi Kachingwe anawerenga mayina awiri: mtsikana wa tsitsi loluka uja ndi mnyamata wina wamtali, mwana wa akatekisiti. Anthu anawomba m'manja, Laison nayenso anawomba. Akutuluka, mayiwo anamuitana.

"Achimwene, tabwerani. Amake Bene ndi ndani?"

Anafuna kunama, koma mphamvu zonamira zinali zitatha. Analongosola zonse: laputopu yopanda zilembo, sola, nyemba, chala chimodzi, zala ziwiri. Mayi Kachingwe anamvetsera, cholembera chili pakamwa.

"Ali kuti mayiwo?"

"Ali pa mtengo apo."

"Kawaitaneni. Si mayeso, mayeso atha. Ndikungofuna ndione."

Helena analowa akugwada, anavula masilipasi pakhomo ngakhale panalibe womuuza, Bene ali mtulo kumsana. Atangoona nkhope ya mwamuna wake sanafunse kuti zayenda bwanji. Anayang'ana galasi lalikulu lija, anayang'ana kiyibodi, n'kutembenukira kwa Mayi Kachingwe.

"Pepani mayi, ine sindidziwa kuwerenga za Chingerezi. La mapeni kuno ndi liti?"

Basi. Funso lake linali lomwelo. Mayiwo analoza pakona.

"Nanga la moto?"

"Moto sufuna kugwirizira."

"Oo, ndiye kuno ntchito n'njochepa. Bambo a Bene, khalani pansi."

Laison anakhala, Helena anaima pambali pake, chala chili tcheru pamwamba pa kona, maso ali pa khoma. Ndege inanyamuka. Mayi Kachingwe asanatsegule pakamwa, chala chinali chitatsika kale.

"Dinani. Kawiri. Basi, yakhuta."

Anazungulira bwalo, anatsika, pafupi ndi pansi Helena anagwiranso pakona kuti mapeni abwerere mwakale, ndipo matayala anakhudza msewu mofewa ngati mphaka wotsika pa nkhokwe. Pakati penipeni pa mzere. Laison anali asanaterepo chonchi ngakhale kunyumba.

Mayi Kachingwe anaseka, Khirisimasi isanafike.

"Mayi, mwadziwa bwanji osayang'ana mivi?"

"Imanena yokha, mayi. Ikamva njala imalira mwina, ikakhuta imalira mwina. Ngati mwana."

"Sukulu munalekeza pati?"

"Sitandade 6. Yunifolomu inang'ambika pamalo posasokeka."

Kuseka kuja kunazilala. Mayiwo anayang'ana mapepala awo, anawagogoda pa tebulo kuti afanane m'mbali, ngakhale anali ofanana kale. Laison anaimirira, manja kumbuyo, mtima ukuyesa kudzukanso ngati chimanga chogwa ndi mphepo.

"Mayi, mwaona nokha kuti ndikhoza. Mutandipatsa mpata umodzi wokha, ndekha, tsopano pakona ndapadziwa."

"Ndaona, achimwene. Dzanja lanu lamanja ndi labwino kuposa la onse amene anakhala pampandopo lero. Koma mipata inali iwiri kwa aliyense, ndipo ena anayi agwa ngati inu. Ndikakupatsani wachitatu, ndiwaitanenso onsewo, ndipo awiri aja ndawauza kale pamaso pa anthu. Komanso m'mwamba muja munthu ukasokonezeka umafunsa. Ndinakufunsani kawiri."

"Munandifunsa, mayi."

"Tidzatenganso ena, mwina pakatha zaka ziwiri. Mudzayesenso. Muli ndi zaka zingati?"

"Pa 9 mwezi wamawa ndikwanitsa makumi atatu."

 Mayi Kachingwe anatsegula kabati, anatulutsa botolo la madzi ozizira, anapatsa Helena.

"Pepani, achimwene," anatero. "Pepani ndithu."

Pa geti mlonda anafuna kuyamba nthabwala, koma ataona mmene Laison ankakankhira njinga anangotsegula. Sanakwere. Anayenda wapansi, njinga pakati pawo, dzuwa la Ogasiti likuwawotcha m'mutu, mphepo ikuwathira fumbi m'maso. Laison anamasula batani la pakhosi. Anayenda mtunda wautali mpaka phula linatha, msewu wafumbi unayamba.

"Bwenzi nditangofunsa," anatero Laison.

"Eya."

"Mawu asanu okha."

"Eya, bambo a Bene."

Iye ankafuna mkaziyo amukalipire, amutchule chitsiru, kuti naye apeze pokalipira. Koma Helena anangosuntha mwana kumsana n'kumangitsa chitenje. Pa kamlatho ka matabwa anakhala pansi, anamwetsa Bene madzi ozizira aja, otsala anapatsa mwamuna wake. Kumudzi kunali kutatsala pang'ono, ndipo palibe mwa awiriwa amene ankafulumira kukafikako.

"Tikawauza chiyani amayi?" anafunsa Laison.

"Tikawauza kuti mwagwa. Kawiri. Akamva kwa ife n'kwabwino kusiyana n'kuti akamve kwa mwana wa akatekisiti."

Laison anagwedeza mutu. Anatola kamwala, anakaponya m'madzi ouma theka.

"Pa mtengo paja ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa," anatero Helena patapita nthawi. "Akuti ku famu ya nkhuku ya ku Lumbadzi akufuna amuna ochotsa zitosi m'makola. Zaka safunsa."

"Nkhuku."

"Nazonso zili ndi mapiko."

Laison anamuyang'ana. Anafuna kukwiya, mphuno inafuna kuseka, m'maso munafuna zina.  Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya obwereka aja.

"Akulemba liti?"

"Lolemba, sikisi koloko."

"Mudzandidzutse," anatero, n'kudzutsa njinga.